Mafunso ndi mayankho: za kuseri kwa filimu ya William Kamkwamba

Chiyambireni kuonetsa filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind kwa mabanja athu kuno ku Harare, koyamba pabalaza la nyumba ina ku Mufakose, kenako m'holo ya tchalitchi ku Highfield anthu atachuluka, mafunso amene amabwera filimu ikatha ndi omweomwewo. Ena amafunsa ana, ena agogo, ena amabwera pa WhatsApp pakati pa usiku. Pakamwa pandiuma ndi kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndawasonkhanitsa pano. Ngati simunaonere, dziwani kuti mayankho ena akuululirani mathero.

Kodi filimuyi ndi ya chiyani, ndipo inatuluka liti?

Ndi nkhani ya mnyamata wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala, n'kupanga makina otulutsa magetsi kuchokera ku mphepo. Inaonetsedwa koyamba mu Januwale 2019 pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance ku America, komwe inapata mphoto ya Alfred P. Sloan, yomwe imaperekedwa ku filimu yokhudza za sayansi. Mwezi wotsatira inaonetsedwa ku Berlin, ndipo pa 1 Malichi 2019 inalowa pa Netflix. Kutalika kwake ndi mphindi 113.

Inagawidwa m'zigawo zisanu, ndipo mitu yake imalembedwa m'Chichewa: Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala, Mphepo. Ana athu obadwira kuno iwiri yomalizayo amaimva msanga, poti nzara ndi mhepo za Chishona sizili kutali.

Ndi nkhani yoona kapena yongopeka?

Thunthu lake ndi loona, nthambi zina ndi zomezanitsa. William Kamkwamba alipo, anabadwa pa 5 Ogasiti 1987, ndipo anakulira m'mudzi wa Masitala. Bambo ake ndi a Trywell, mayi ake ndi a Agnes, monga momwe zilili mufilimu. Makina oyamba anawapanga mu 2002, ali ndi zaka 14. Filimu inachokera m'buku la dzina lomwelo lomwe iye analemba ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, ndipo linatuluka mu 2009.

Koma zimene zinachitika m'zaka zingapo anazipanikiza kuti zikwane m'chaka chimodzi cha ulimi, ndipo anthu ena anawachotsa. Mwachitsanzo, William ndi mwana wamwamuna yekha pakati pa alongo asanu ndi mmodzi, pamene mufilimu mumangoona Annie ndi khanda. Kusintha kwakukulu ndakufotokoza pa funso la madzi ndi la dayinamo m'munsimu.

Anajambuliradi ku Malawi, kapena anangotiyerekezera ku South Africa?

Anajambulira ku Malawi, chakumapeto kwa 2017, m'dera lomwelo la Kasungu kumene nkhaniyi inachitikira. Ichi sichinali chapafupi. Mafilimu ambiri onena za maiko athu amajambulidwa ku Cape Town kapena ku Kenya, chifukwa kumeneko makamera, magetsi ojambulira ndi amisiri ake amapezeka pompo. Kupita ku Wimbe kunatanthauza kunyamula zonsezo kuchokera kunja. Khamu la anthu limene mumaliona kumaliro, pamsika ndi pamsonkhano, ambiri mwa iwo ndi anthu a m'midzi yozungulira.

Munthu wodziwa kwathu safunika kumuuza. Dothi lofiira lija, nyumba za njerwa zootcha, nkhokwe, zigafa za fodya, kaimidwe ka mayi akamapeta: zimenezi n'zovuta kunamizira. Tsiku lina agogo ena a ku Dzivarasekwa, amene anabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe lakale lolemba anthu ntchito, ali mnyamata ndipo sanabwererenso, anakhala duu filimu yonse. Itatha sananene za William kapena za makina. Anangoti, "Khasu lija ndi la kwathu." Mpini waufupi, munthu kulima ataŵerama. Iwo anaonera zimenezo.

Wojambula wamkulu anali Dick Pope wa ku Britain, ndipo nyimbo anapeka Antonio Pinto wa ku Brazil.

Mnyamata uja ndi Mmalawi? Nanga enawo?

Ayi. Dzina lake ndi Maxwell Simba, wa ku Kenya, ndipo iyi inali filimu yake yoyamba. Amene akuchita mbali ya bambo ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, yemwe ambiri anamudziwira mu 12 Years a Slave. Iyeyu ndi amene analemba sewero lonse n'kulitsogoleranso, ndipo aka kanali koyamba kuti atsogolere filimu yaitali. Uzani ana kuti m'chaka chomwecho cha 2019, mawu a Scar mu The Lion King yatsopano anali ake. Muona mmene atong'olere maso.

Mayi ake a William ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Dakar koma wokulira ku France. Mphunzitsi wa njinga uja ndi Lemogang Tsipa wa ku South Africa, amene pambuyo pake anadzakhala Shaka mu Shaka iLembe. Mayi a mulaibulale ndi Noma Dumezweni, wobadwira ku Eswatini, yemwe anatchuka ku London pochita mbali ya Hermione m'sewero la pabwalo la Harry Potter.

Amalawi amene ali ndi mbali zazikulu ndi Lily Banda, woimba uja, yemwe ndi Annie, ndi Philbert Falakeza, yemwe ndi Gilbert, mnzake wa William. Tsekani maso mumvetsere: awiriwa akatsegula pakamwa mudziwa nokha.

Mfumu ija ndinaionapo kwinakwake. Ndi ndani?

Ngati munakula mukuonera The Fresh Prince of Bel-Air, ndi Geoffrey, wantchito wa m'nyumba wamwano uja. Dzina lake lenileni ndi Joseph Marcell, wobadwira pachilumba cha Saint Lucia. Azibambo a msinkhu wanga akamuzindikira holo yonse imasokonekera kwa mphindi ziwiri.

N'chifukwa chiyani Chichewa chake chikumveka chachilendo chonchi?

Ili ndi funso limene limabwera koposa onse, ndipo nthawi zambiri silibwera ngati funso. Limabwera ngati kuseka, kapena ngati "aaa, koma abale." Filimu itangotuluka, Amalawi ambiri anadandaula za chomwechi pa Facebook ndi pa Twitter.

Chifukwa chake mwachiona kale pa funso la ochita sewero: ambiri mwa otenga mbali zazikulu sanayamwe Chichewa. Anachiphunzira filimuyi, mzere ndi mzere. Mawu angathe kuloweza munthu aliyense wakhama. Chimene sichilowezeka m'miyezi yochepa ndi nyimbo ya chilankhulo. Chichewa chimakwera ndi kutsika, ndipo kukwerako kumasintha tanthauzo. Mtengo womera m'tchire ndi mtengo wa chimanga pamsika timalemba mofanana, koma sitinena mofanana. Khungu la thupi ndi khungu la wosaona n'chimodzimodzi. Palinso kampweya kaja kamene kamasiyanitsa kupala ndi phala, komanso chizolowezi chathu chokoka pang'ono silabo yachiwiri kuchokera kumapeto. Maxwell Simba anathandizidwa ndi Chiswahili, chomwe ndi chibale cha Chichewa, koma Chiswahili chilibe kukwera ndi kutsika kotere. Ndiye mawu amakhala olondola, koma akuyenda ndi phazi la eni ake. Pena ngakhale ife timathamangira kuwerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi kuti timve Chichewa chathu chomwe.

Dandaulo ili si la nsanje. Ochita masewero ku Malawi alipo, ndipo aliyense amene anaonera mafilimu a Shemu Joyah, Mmalawi wopanga mafilimu, akudziwa. Koma filimu yodya ndalama zambiri imafuna nkhope zodziwika kunja kuti oika ndalamawo avomere, ndipo nkhope ya Ejiofor ndi imene inatsegula zitseko. Mungathe kukwiya nazo, n'kumvetsabe mmene zinayendera.

Tsono ife a ku Harare tiziseka mosamala. Loweruka lina, anthu ali mkati moseka kalankhulidwe ka bambo ake a William, mdzukulu wanga anandikoka malaya n'kunena kuti, "Agogo, ndipatseniko mvula yakumwa." M'Chishona mvura ndi madzi, ndiponso ndi mvula. Iye anaona kuti walankhula Chichewa chabwino ndithu. Amalume ake, amene amaseka kwambiri aja, nawonso amati sadza akamatanthauza nsima, ndipo akapita ku Dedza anthu amawafunsa kuti kwanu n'kuti. Chichewa cha mufilimuyi ndi cha munthu amene anachita kuchitola atakula, ndipo m'holo muja otere timakhalamo ambiri. Ndaona ana amene amachita manyazi kuyankha agogo awo m'Chichewa akulimba mtima atamva munthu wotchuka dziko lonse akupunthwa nacho koma osasiya. Mdzukulu wangayo ndinamupatsa madzi ake, n'kumuuza dzina lake.

Nanga bwanji sanangolankhula Chingerezi basi?

Zikanakhala zosavuta, ndipo mafilimu ambiri a mtundu uwu amatero. Ejiofor anasankha kuti pakhomo ndi kumunda anthu azilankhula Chichewa, Chingerezi chizimveka makamaka kusukulu, monga momwe zimakhaliradi. Ine ndimaona kuti anachita bwino. Mkangano wa bambo ndi mwana pa nkhani ya njinga, utakhala m'Chingerezi, bwenzi uli wa anthu ena.

Chisankhochi chinabala chinthu chodabwitsa. Popeza mawu ambiri si a Chingerezi, ndipo opanga ake, monga BBC Films ndi BFI, ndi a ku Britain, dziko la Britain linatumiza filimuyi ku mpikisano wa Oscar wa 2020 m'gawo la mafilimu a maiko akunja. Filimu ya Chichewa kuimira Angerezi! Ulendo womwewo filimu imene Nigeria inatumiza, Lionheart, inachotsedwa mumpikisano chifukwa inali ndi Chingerezi chochuluka. Ya Kamkwamba sinafike pagulu la zisanu zomaliza. Malawi payokha inali itatumiza filimu yake koyamba chaka cham'mbuyo, The Road to Sunrise ya Shemu Joyah.

Kodi makinawo anapopadi madzi n'kupulumutsa mudzi ku njala?

Apa ndi pamene filimu inapatuka kwambiri. Makina oyamba a William sanapope madzi. Anayatsa babu limodzi m'chipinda chake. Atawakonzakonza anafika poyatsa mababu anayi ndi kuliza mawailesi awiri, ndipo anthu anayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Pamene ankawaimika, njala yoopsa ija inali itadutsa kale. Chimene chinapulumutsa otsala ndi dowe ndi maungu a chaka chimenecho.

Madzi anali m'maganizo mwake kuyambira pachiyambi, chifukwa ankadziwa kuti munda wothirira umakolola kawiri. Koma pampu inabwera patapita zaka, atadziwika ndi kupeza omuthandiza. Pampu yokoka madzi akumwa m'chitsime chakuya inali yoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo anamanganso makina ena a mphepo othirira dimba.

Olemba filimu anatenga mathero a nkhani n'kuwaika pakatikati pa njala. Chifukwa chake n'chomveka: madzi akutuluka m'paipi kulowa m'mizere youma amaliza anthu misozi kuposa babu. Ine ndekha ndimalira pamenepo nthawi iliyonse. Komabe kwa ife amene timadziwa kukhala mumdima kuyambira m'mamawa mpaka usiku, mwana akulemba homuweki ndi tochi ya foni, babu limodzi lija silifunika kulikometsera.

Anapangira zinthu zanji kwenikweni?

Nsanja inali ya mitengo ya bulugama, yotalika mamita asanu. Pamwamba anaikapo fani ya thirakitala imene anatola pamalo otayirapo zitsulo zakale pafupi ndi sukulu. Mapiko anawatalikitsa ndi paipi ya pulasitiki: ankaing'amba m'litali, n'kuiwamba pamoto mpaka ifewe, kenako n'kuipondereza kuti ikhale yaphwatalala. Fani inkazunguza tcheni cha njinga, tcheni n'kuzunguza tayala lakumbuyo, tayala n'kumakhula kamutu ka dayinamo. Ndi mmene nyale ya njinga imayakira, kungoti m'malo mwa miyendo yopalasa pali mphepo. Pambuyo pake anamanga ena otalika mamita 12.

Zing'onozing'ono ndi zimene zimandikomera, ndipo zambiri sizinalowe mufilimu. Analibe choboolera, ndiye ankatenga msomali, n'kuuzika m'chitsononkho kuti chikhale chogwirira, n'kuuotcha mpaka ufiire. Mawashala anali zitsekerero za mabotolo zophwanyidwa ndi kuboola pakati. Switchi ya pakhoma anaidula ku patapata wakale. Mawaya atagundana tsiku lina n'kutsala pang'ono kuyatsa denga, anapanga chodulira magetsi chake ndi misomali iwiri yokulungidwa waya ndi maginito a m'sipika. Panalinso vuto lakuti magetsi a dayinamo amapita uku ndi uku, pamene batire limafuna oyenda njira imodzi. Anathana nalo ndi kachipangizo kotchedwa diode kamene anachotsa m'wailesi yakufa.

Dzina la chinthuchi m'Chichewa panalibe. Iye ankangoti magetsi a mphepo. Anthu a pamsika anali nalo lawo: misala.

Zoti anapeza dayinamo kudzera mwa mphunzitsi wofunsira mlongo wake, zinachitikadi?

Monga momwe buku limafotokozera, dayinamo anamugulira ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, kwa munthu amene ankadutsa ndi njinga. Filimu inamangirira dayinamo ku chibwenzi cha Annie kuti nkhani ziwiri zikhale chingwe chimodzi. Njinga ya bambo ake yokha ndi yoona, ndipo anachita kuipempha kangapo, koma inali njinga yakufa kale yongotsamira khoma, osati chuma chomaliza cha banja monga filimu ikuonetsera.

Laibulale nayonso inasamutsidwa. Mufilimu ili pasukulu ya sekondale ya Kachokolo, ndipo William amalowamo mozemba. Yeniyeni inali kachipinda kakang'ono pasukulu ya pulayimale ya Wimbe, ka mabuku operekedwa ndi boma la America, ndipo woyang'anira wake analidi mayi Edith Sikelo. Buku limene linamutsegula maso ndi Using Energy, lomwe pachikuto pake panali chithunzi cha makina a mphepo atandandalikana. Chingerezi chake chinali chochepa, ndiye ankaŵerenga zithunzi ndi mivi yolozera, mawu n'kumawafufuza pambuyo.

Pali munthu mmodzi amene ndimamumvera chisoni: Geoffrey, mbale wake, yemwe ankakonza naye mawailesi ndipo m'buku ali paliponse. Mufilimu malo ake ambiri anapita kwa Gilbert.

Galu uja anafadi?

Ana amafunsa ili asanapukute misozi. Galu wa William, Khamba, anafadi m'njala ija. M'buku imfa yake ndi yowawa kuposa ya mufilimu: atawonda mosathandizika, William anamutengera kutchire, n'kumumangirira kumtengo, n'kumusiya komweko. Kwa ana aang'ono zimenezi musawauze. Auzeni chabe kuti amene amuona pa kanema ndi galu wa sewero, monga anthu aja ndi a sewero.

Njala ija inali yoopsa choncho, kapena anakokomeza?

Anachepetsa. Kumayambiriro kwa 2001 mvula inagwa yochuluka, madzi anasefukira m'minda, ndipo zokolola zinatsika. Pamene anthu ankayang'ana kunkhokwe za boma, zinapezeka kuti chimanga chosungira tsoka chinali chitagulitsidwa, nkhani imene inautsa mkangano waukulu pakati pa boma ndi IMF, bungwe lobwereketsa ndalama kumaiko, pa za yemwe analangiza ndani. Mtengo wa chimanga unakwera kangapo m'miyezi yochepa. Anthu anadya gaga, mizu ndi mbewu zomwe anasungira kudzala, ena n'kumayenda mitunda kufuna ganyu wolipidwa ufa wodzaza m'manja. Kolera inabweranso pamwamba. Boma la a Bakili Muluzi linalengeza kuti dziko lili pangozi mu Febuluwale 2002. Banja la a Kamkwamba linafika podya kamodzi patsiku, madzulo, kuti tulo tibwere.

Chipwirikiti cha pamzere wogula chimanga ku ADMARC chili m'buku, ndipo William anaimadi pamzere wotere. Zoti mfumu inalankhula za njala pamsonkhano wa pulezidenti n'kumenyedwa pambuyo pake zilinso m'buku.

Gawo limeneli likafika, akuluakulu m'holo amayamba kunong'onezana. Wina amakumbuka chimanga chachikasu cha 1992, wina mashelefu opanda kanthu a m'masitolo a kuno mu 2008, ndipo agogo enieni amatchula njala ya 1949 ku Nyasaland, imene makolo awo ankaisimba. Ndaphunzira kuimitsa filimu pamenepo kwa kanthawi.

Gule Wamkulu akutani mufilimu ya sayansi?

Akuchita zimene amachita kumudzi: kubwera pamaliro. Filimu imayamba ndi imfa, ndipo zilombo zimatulukira, kuphatikizapo makanja aatali aja oyenda pamitengo. Zimaonekanso chakumapeto. M'dera la Achewa ngati Kasungu, maliro a munthu wamkulu opanda gule angadabwitse kuposa okhala naye. Bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Kuno nkhani yake ndi ina. Anansi athu amati zvigure, ndipo ambiri amawadziwa ngati zinthu zothamangitsa ana m'misewu ya Mbare kapena m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi. Ana athu ena anakula akubisa zoti kwawo kuli gule, poopa kusekedwa kusukulu. Kuona gule atajambulidwa mwaulemu, mopanda nyimbo zoopseza kumbuyo, kwa iwo n'chinthu chatsopano. M'gulu lathu muli a mpingo amene safuna n'kumva komwe za gule, ndi ena amene analowa kudambwe. Onse amaonera limodzi, ndipo sindinaonepo wina akutuluka.

Ana akafunsa kuti mkatimo muli ndani, yankho ndi lomwe lija munapatsidwa inu muli ana.

Ndi yoyenera ana a zaka zingati?

Kuona kwanga, kuyambira zaka 9 kapena 10, wamkulu ali pambali. Mulibe zolaula. Zimene zimavuta ndi imfa, kumenyedwa kwa mfumu, anthu olanda chakudya m'nyumba mayi ali yekha ndi ana, ndi galu. Ocheperapo amatopanso ndi kuŵerenga mawu a m'munsi, ndipo pakati pa filimu nkhani imayenda pang'onopang'ono. Ngati intaneti ya kwanu ndi yodula kapena yodukaduka, ikokereni pafoni usiku, mudzaonere mawa lake.

Dziko linamudziwa bwanji, poti anali kumudzi?

Zinatenga zaka zinayi. Mu 2006 akuluakulu oyendera malaibulale aja anaona makinawo, ndipo Dr Hartford Mchazime anabwera ndi atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba nkhani yake mu Novembala chaka chimenecho. Nkhaniyo inafalikira pa intaneti mpaka inafika kwa okonza TED, msonkhano wa anthu ofotokoza nzeru zatsopano, womwe unachitikira ku Arusha, Tanzania, mu Juni 2007. Kumeneko William, akunjenjemera, Chingerezi chikumuthawa, ananena mawu amene anatchuka: "I try, and I made it." Aphunzitsi a galamala akanaika cholembera chofiira, koma anthu m'holomo anaimirira n'kuwomba m'manja. Amene mumaseka Chichewa cha Ejiofor, kumbukiraninso pamenepa.

Zaka zapakatizo sizinali zokoma zokhazokha. Mvula itavutanso, ena m'mudzi ankanena kuti nsanja yake ndi ya ufiti, ikuthamangitsa mitambo.

Atachoka ku Arusha anakalowa sukulu ku Lilongwe, kenako ku African Leadership Academy ku Johannesburg, n'kukamaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Bungwe la Moving Windmills Project, lomwe linayamba mu 2008, limagwira ntchito za madzi, magetsi ndi sukulu m'dera la kwawo. Palinso filimu ina ya mu 2013, William and the Windmill, yomwe si sewero: mumaoneka iye mwini. Ndipo musathamangire kuzimitsa TV filimu ya Netflix ikatha, chifukwa kumapeto amaonetsa nkhope zenizeni za banjali.

Mwana wanga akufuna kupanga ake kuno ku Harare. Zingatheke?

Zingatheke, bola asayembekeze kuyendetsa firiji. Dayinamo ya njinga imatulutsa mphamvu yochepa, yokwana babu laling'ono, ndipo masiku ano njinga za dayinamo zikusowa chifukwa aliyense ali ndi tochi. Kamota ka m'chidole kapena m'printer yakufa kakhoza kugwira ntchito yomweyo: mukakazunguza kamatulutsa magetsi okwana kuyatsa LED. Zitsulo, mabering'i ndi tcheni mukazipeza kumsika wa Siyaso, ku Magaba, ku Mbare. Pitani naye mwanayo, aone amisiri akusandutsa zinyalala kukhala mbaula ndi ngolo.

Mphepo ya mu Harare si yodalirika, makamaka pakati pa nyumba zothithikana. N'chifukwa chake pamadenga mukuona masola osati mapiko. Nthawi yabwino yoyesera ndi Ogasiti, mwezi umene anzathu amautcha Nyamavhuvhu chifukwa cha mphepo yake, ndipo sukulu zimakhala zili patchuthi.

Zitatu zokha musalole: kulumikiza chinthucho ku mawaya a m'nyumba, kuimika nsanja pafupi ndi mawaya a mumsewu, ndi kusewera ndi batire la galimoto popanda wamkulu. Mapiko akathamanga amatema. William yemwe tcheni chinamucheka zala kangapo.

Tikapita kumudzi pa Khirisimasi, tingakafike ku Wimbe?

Mungathe. Basi yochokera kuno imadzera ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pamsewu wa M1 kukafika ku Kasungu, ndipo Wimbe ali chakum'mawa kwa tauniyo. Mu Disembala mvula imakhala itayamba, ndiye misewu ya fumbi yolowera m'midzi imaterera. Funsani oyendetsa kabaza musanalowe ndi galimoto yaing'ono.

Kumbukirani kuti kumeneko ndi pakhomo pa anthu, si malo ochitira sewero. Yambani mwaonekera kwa amfumu, odini musanalowe, pemphani musanajambule, ndipo musapite chimanjamanja: shuga, sopo ndi mafuta ophikira sizilemera m'chikwama. Ana muwaphunzitsiretu m'basi kuti akafunsidwa "Muli bwanji?" ayankhe kuti "Ndili bwino, kaya inu," atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo akamva ludzu apemphe madzi.